Singano, Tepi ndi Masekondi Makumi Anayi

Adalaivala atatuluka m'chipatala, mwana wawo Nesi anaika lamulo, ndipo analilemba pa pepala n'kulimata pa chitseko cha filiji kuti wina asadzati sindinamve. Za mchere ndi mapiritsi anali atanena kale adokotala. Lamulo la Nesi linali la mpira. Tsiku lililonse timu ya bambo ake ikasewera, iye azifika masewero akangotha ndi kamakina kake koyezera kuthamanga kwa magazi. Nambala ya pamwamba ikadzapitirira 160, ngakhale kamodzi kokha, mpira watha m'nyumbamo. Abambo aziona za njovu ndi za anthu ophika makeke.

Mwanayu dzina la Nesi analitenga ali ndi zaka zisanu, pomwe ankamanga nsanza pa miyendo ya mipando n'kumati yathyoka. Atakula anakhaladi nesi, ndipo kulamula sanasiye. Koma apa sankalakwa. Bambo ake, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku, anagwa pakati pa mpando ndi tebulo Loweruka lina masana chifukwa cha chigoli cha mphindi yomaliza. Timu yawo, ya malaya achikasu, inali ndi luso lapadera lopatsa anthu chiyembekezo n'kuwalanda pomwe akuvala nsapato kuti akasangalale.

Mayi a m'nyumbamo, amene msewu wonse unkawatchula Atelala, za mpira analibe nazo ntchito. Zaka makumi anayi za banja, mpira kwa iwo unali phokoso lochokera pabalaza pomwe iwo akusoka kuchipinda cha kuseri. Koma anaona zimene zinachitika masabata atatu oyamba amuna awo atabwerako, Nesi asanalole n'komwe kuyatsa tivi. Bambo uja anasiya kumeta ndevu. Ankakhala pa mpando atayang'ana khoma, tiyi n'kumazizirira m'manja. Ukawafunsa kuti lero n'lachingati, ankati zilibe kanthu. Atelala anaona kuti mpira ukhoza kuwaphera mwamuna tsiku limodzi, koma kusowa kwa mpira kudzawaphera pang'onopang'ono, ali chikhalire pa mpando womwewo. Ndiye nambala ija inayenera kukhala pansi pa 160, zivute zitani.

Kabokosi kanabwera ndi mkamwini wawo, mwamuna wa Nesi, amene ankakonza makompyuta mu ofesi ina ya m'tauni. Kanali kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira. Anakalumikiza kuseri kwa tivi yaikulu ya pabalaza n'kufotokoza kuti kameneka sikafuna dishi, kamakoka zithunzi pa intaneti: mafilimu, nyimbo, nkhani, ngakhale mpira womwewo umene umaoneka pa dishi. Maganizo ake anali akuti apongozi ake akazolowera mafilimu ofatsa, mpira adzauiwala okha. Adalaivala anamuthokoza kwambiri, n'kumupempha kuti awaonetse batani la mpira.

Kenako mkamwini ananyamula dikoda yakale ija, imene inkalandira zithunzi kuchokera pa dishi ya padenga, n'kufunsa kuti akaitaye kuti, poti ntchito yake yatha. Anafunsa munthu wolakwika. Atelala anali ndi chitini cha mabatani amene anayamba kutolera asanakwatiwe, ndipo chinthu choti chikugwirabe ntchito sankataya. Anamuuza kuti akwere pa mpando, akoke waya wa dishi mpaka kuchipinda chosokera, alumikize dikodayo ku kativi kakale kamene kankangodya fumbi pamwamba pa kabati.

"Koma amayi, zinthu ziwiri zogwira ntchito imodzi m'nyumba imodzi n'zachiyani?"

"Inu muli ndi makutu awiri. Tidule limodzi?"

Mkamwini anakwera pa mpando.

Loweruka loyamba limene Nesi analola mpira, Atelala anayatsa kativi kawo n'kuika pa masewero omwewo, mawu atatsitsiratu. Sikuti ankafuna kuonera ayi. Ankangofuna kudziwa nthawi yothamangira pabalaza. Anali akupinda m'munsi mwa siketi ya mwana wa sukulu, diso limodzi pa singano, lina pa kabati. Patapita mphindi makumi awiri, anyamata a malaya obiriwira anathamanga ndi mpira, goloboyi wa Achikasu anagwera kumanzere, mpira unalowa kumanja.

Atelala anachotsa phazi pa makina n'kutchera khutu. Pabalaza pankangomveka mawu a woulutsa. Munthu amene zaka zonsezi ankakuwa mpaka mbale kugwedezeka m'kabati, lero anali zii. Atelala anadzambatuka pa mpando. Anathamanga, patapata limodzi litatsala pansi pa makina.

Anapeza amuna awo ali bwinobwino, miyendo atasanjikiza, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Pa tivi yaikulu mpira unali ukadali pakati pa bwalo. Atelala anaima pakhomo ali wefuwefu, n'kuona ndi maso awo anyamata obiriwira aja akuthamanganso ndi mpira womwe uja, goloboyi yemwe uja akugweranso kumanzere. Chigoli chija chinalowa kachiwiri. Apo m'pamene Adalaivala analumpha n'kuyamba kulalatira otchinga kumbuyo onse, mmodzimmodzi. Tsiku limenelo kamakina kanaonetsa 157. Nesi anangopita pa filiji n'kugogoda pepala lija ndi chala.

Atelala sanali munthu wokhulupirira zodabwitsa asanaziyeze. Pa masewero otsatira anavala wotchi yakale ya amuna awo. Mnyamata akaponya mpira kuchokera pa mzere pa kativi ka kuseri, iwo ankapita pakhomo la pabalaza n'kudikira kuti auponyenso pa tivi yaikulu. Anayeza katatu. Masekondi 38, kenako 41, kenako 40. Lamulungu, mkamwini atabwera kudzacheza, anamufunsa ngati akungocheza, uku akudula nsalu.

Mkamwini anati inde, zimatero. Chithunzi cha pa dishi chimatsika kumwamba n'kulowa m'nyumba osaima paliponse. Cha pa kabokosi chimadulidwa m'tizidutswa, chimadzera m'malo ambiri, ndipo kabokosiko kamayamba kasunga pang'ono kasanaonetse, kuti chithunzi chisamadukeduke. Anati ngati kuchedwako kukuwasowetsa mtendere, angathe kubwezera dikoda pabalaza. Atelala anamuuza kuti asakhudze kanthu, iwo amangofunsa.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma. M'nyumba imeneyi chinayamba kuyimba masekondi makumi anayi chisanafike, ndipo wakumva anali mmodzi. Mwayi wake, nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu. Mbali ina kunali shedi ya matabwa yotseka Loweruka masana, mbali inayi kunali banja lokalamba limene phokoso lawo lalikulu linali kutsokomola. Panalibe woti n'kukuwa chigoli nthawi isanakwane.

Kuchokera pa makina kufika pa mpando wa amuna awo panali mapazi khumi ndi anayi. Nthawi inali yokwana. Vuto linali loti ukafikapo uchite chiyani. Kungowauza kuti bambo, tachinyidwa, sikukanatheka. Akanati ndiye ndikuoneranji, ndipo akanalamula kuti dikoda ibwerere pabalaza tsiku lomwelo. Atelala anayang'ana zimene zinali pa tebulo lawo n'kusankha ziwiri.

Achikasu akachinyidwa, inali ntchito ya singano. Ankatenga singano yamanja, ya kabowo kakang'onong'ono, n'kukaima pakati pa amuna awo ndi tivi, chammbali pang'ono kuti zisaoneke zadala.

"Bambo a Nesi, tandilowetserani ulusi. Maso anga akana."

Munthu amene moyo wake wonse ankanyadira maso a udalaivala sakanakana. Ankanyambita ulusi, n'kutsinzina diso limodzi, n'kugwira mpweya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomwe iwo akudekha choncho, mpira unkalowa. Akamadzutsa mutu, chigolicho chinali chakale, akuchibwereza pang'onopang'ono, ndipo chinthu chochitika kale sichipweteka ngati chimene ukuchiona chikubwera. Ankangoti, "Achinyidwanso ana awa," n'kubweza singano ili ndi ulusi wake.

Achikasu akachinya, choopsa chinali kulumpha. Pamenepo inali ntchito ya tepi. Atelala ananena kuti akufuna kuwasokera malaya. Ankaima kuseri kwa mpando, n'kuyala tepi paphewa mpaka paphewa, manja onse awiri atakanikiza, n'kuwalamula kuti asagwedezeke, apo ayi mikono ituluka yosiyana. Chigoli chikalowa, bambo uja ankadumphadumpha pansi pa manja awo ngati chivundikiro cha poto wowira. Ankaseka, ankamenya m'maondo, koma pa mpando sankachokapo.

Manambala anayamba kusangalatsa. 141. 138. 144. Nesi anati ndi mapiritsi komanso kuchepetsa mchere. Mkamwini anati ndi kabokosi, chithunzi chake n'chofewa m'maso. Atelala anati kaya, iwo za mpira sadziwa.

Miyezi inapita. Mapewa aja anayezedwa maulendo makumi atatu, koma malaya osaoneka. Tsiku lina Adalaivala anafunsa ngati nsalu yake ikulimidwa kumene. Atelala anayankha kuti vuto ndi mapewa, akusinthasintha sabata iliyonse. Amuna awo anangoti oho, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Koma pali chimene Atelala sanachiwerengere. Kuti unyamuke pa nthawi yake, umayenera kuonera mwatcheru. Ndipo ukaonera mwatcheru Loweruka lililonse, umayamba kudziwa anthu. Mayina enieni a anyamatawo analibe nawo ntchito, poti mawu a kativi anali otsitsidwa. Anawapatsa awoawo. Goloboyi anali Makutu. Wothamanga kumphepete anali Kabudula, chifukwa amene anamusokera kabudulayo sanamuyeze. Wochinya zigoli anali Mwendo Umodzi, poti mwendo wakumanja ankangoyendera. Atelala anayamba kudziwa kuti Kabudula akagwira mpira sapatsa mnzake, ndi kuti Makutu amatuluka pagolo ngati munthu woiwala chimene watulukira. Loweruka lina anasoka thumba la thalauza la kasitomala pakamwa pake penipeni, mwiniwake n'kudzapeza kuti dzanja lilibe polowera. Kuti asakuwe, ankaluma kansalu. Madzulo a tsiku la mpira mutu unkawapweteka chakumbuyo kuno, pamwamba pa khosi. Ankati ndi magalasi, akufunika kusintha.

Chaka chimenecho, mosadziwika bwino, Achikasu anafika mu ndime yomaliza ya chikho, koyamba patatha zaka khumi ndi chimodzi. Nesi anafuna kuletseratu masewero amenewo. Bambo ake anamutengera pa filiji n'kumuonetsa kuti pepala likunena za nambala, silikunena za mtundu wa masewero. Nesi anati chabwino. Tsikulo anali pa ntchito mpaka faifi koloko, koma akangoweruka abwera molunjika ndi yunifolomu yomweyo, ndipo mwamuna wake abwera ndi zomasulira mawaya m'thumba.

Tsikulo kunacha kotentha. Atelala anabaya singano zitatu zopanda ulusi pachifuwa pa diresi, tepi anakoleka m'khosi, chitseko cha kuseri anasiya chotsegula theka. Ntchito ya makasitomala anaipinda n'kuiika pambali. Lero sanafune kunamiza munthu kuti akusoka.

Chigawo choyamba chisanathe, Mwendo Umodzi anachinya ndi mwendo wake womwe uja. Atelala analavula kansalu n'kupita ndi tepi. Matimu atabwerako kopuma, Obiriwira anabweza. Atelala anapita ndi singano. Chimodzi kwa chimodzi. Zonse zinkayenda mwa dongosolo lake.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu, kunja kunada, mphepo inakankha makatani, ndipo mvula inagwa ngati wina wagubuduza mgolo padenga. Pa kativi ka pakabati anyamata anayamba kusweka m'timabokosi. Kabudula anaima m'malere, mutu uli uku, miyendo uko. Kenako chithunzi chonse chinazima, n'kutsala mawu olembedwa akuti dishi sikulandira kanthu.

Atelala anamenya dikoda ndi chikhatho. Anazula khadi lake, n'kuliuzira, n'kulipukuta pa diresi, n'kulibwezera. Anasuzumira pawindo n'kuona madzi akutsika padenga ngati nsalu. Dishi mvula yamphamvu imaiopa, zimenezo ankazidziwa kuyambira kale, koma sanaganizepo kuti ingasankhe lero. Ndipo pabalaza woulutsa uja ankangolankhulabe. Kabokosi zithunzi zake zimabwera pa waya, za mitambo kalibe nazo ntchito. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka, pabalaza ndi pamene panali patsogolo.

Anatuluka m'chipindamo n'kuima pa bokosi la magetsi a nyumba yonse, chala chili pa switchi yaikulu. Kungoti tsi, n'kunamizira mvula. Koma anawadziwa amuna awo. Munthu womudulira masewero a chikho pa chimodzi kwa chimodzi sangakhale pa 160, angafike pa 200, ndipo angatuluke mu mvula yomweyo kukaonera kwa ometa tsitsi. Anachotsa chala.

Analowa pabalaza singano kumanzere, tepi kumanja, osadziwa kuti ayambe ndi chiti.

"Lero mwabwera ndi zonse ziwiri," anatero Adalaivala, maso osachotsa pa tivi. "Ndiye kuti dishi yanu yanyowa. Khalani apa, amake Nesi, tione limodzi."

Atelala anafunsa kuti akunena chiyani. Amuna awo anati nkhani yake n'njosavuta: singano tachinyidwa, tepi tachinya. Anati anaizindikira sabata yachitatu. Anatinso masiku ano sadikira n'komwe kuona zimene zili m'manja, amamvera mapatapata. Kukakhala kuchinyidwa amabwera akukhwekhwereza pansi ngati opita kumaliro, kukakhala kuchinya amabwera ali phatiphati ngati mtsikana wotumidwa kugolosale.

"Ine ndayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi. Dalaivala sayang'ana dzenje, amayang'ana magetsi ofiira a galimoto yakutsogolo. Inu ndiye munali galimoto yanga yakutsogolo."

"Ndiye miyezi yonseyi mumangondionera ndikuyendayenda ngati wamisala?"

"Dalaivala wanzeru sakangana ndi mabuleki." Anasendera pang'ono kuti pakhale malo. "Komanso zaka makumi anayi simunalowepo muno mpira uli mkati. Chaka chino mwandigwira mapewa maulendo makumi atatu ndi kamodzi. Ndidandaule ndine chitsiru?"

Atelala anawauza kuti asiye zachibwana pa msinkhu wawowo, asendere bwinobwino. Anakhala pansi.

Anakhalapo mphindi imodzi. Anali asanaonerepo mpira pa tivi yaikulu, mawu ali pamwamba, popanda kansalu koluma. Kabudula atagwira mpira n'kudutsa anthu awiri, Mwendo Umodzi ali yekhayekha pakati akukweza dzanja, Atelala anali ataimirira kale, akumuuza kuti apereke mpirawo, si wa amayi ake. Kabudula sanapereke. Adalaivala anafunsa kuti Kabudula ndi uti, ndipo atamuona anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati zaka zitatu akumuonera mnyamata ameneyu koma za kabudula anali asanazione.

Nthawi inatha, woyimbira anawonjezera mphindi zitatu. Pa mphindi yachiwiri mnyamata wa Obiriwira analowa m'bokosi, n'kugwa ngati wapunthwa pa mthunzi wake. Woyimbira analoza penate.

Atelala anasendera kufupi ndi tivi n'kuyamba kumulangiza Makutu, pang'onopang'ono ngati amalangiza kasitomala wosamva. Anamuuza kuti womenya ameneyu amamudziwa, chaka chino wamenya kawiri ndipo konse anamenyera kumanja. Asapupulume. Aime, adikire, agwere kumanja.

Makutu anagwera kumanzere. Mpira unalowa kumanja.

Wezulo yomaliza italira, tepi inali itagunda kale tivi n'kugwera kuseri kwa kabokosi. Atelala anafotokoza za maso a woyimbira, za amene anamulemba ntchito, ndi za makutu aakulu amene samva kanthu. Adalaivala anali chikhalire, manja pamimba. Kenako anatambasula dzanja, n'kutenga singano ija m'manja mwa akazi awo, n'kuzula kaulusi kamene kanamatirira pa kolala yawo. Anayesa kamodzi, mwaulesi, n'kupukusa mutu.

"Amake Nesi, tandilowetserani. Maso anga akana."

Atelala anati asawaseweretse. Koma telala sangaone singano yopanda ulusi n'kuisiya. Anakhala pansi n'kuilanda. Ulusi unkadutsa pambali. Unalowa ulendo wachinayi.

"Ine ndakhala ndikuluza ndi anyamata amenewa zaka makumi anayi," anatero Adalaivala. "Inu mwangoyamba chaka chino. Muzolowera."

Nesi anafika mvula ikukata, nsapato zake zoyera zili matope okhaokha, mwamuna wake akumutsatira ndi ambulera. Zotsatira anali atazimva kale pa wailesi ya m'galimoto, ndipo nkhope yake inali ya munthu wobwera kudzatsitsa dishi. Sanapereke n'komwe moni. Anakulunga lamba pa mkono wa bambo ake n'kudina batani. Kamakina kanalira.

139.

Nesi anati kamakina kanyowa. Anayeza mkono winawo. 137. Bambo ake anamufunsa mwaulemu ngati angafune kuyezanso mwendo.

Pomasula lamba m'pamene Nesi anawayang'ana bwino amayi ake. Maso ofiira, mtsempha wa pachipumi utatupa, singano ziwiri pachifuwa, patapata limodzi lokha.

"Amayi, bweretsani mkono."

Atelala anati pa pepala la pa filiji palibe dzina lawo, ndipo ali ndi ntchito kuseri. Nesi anangogwira mkonowo ngati mmene ankagwirira miyendo ya mipando kalekale.

174.

Apo nkhani yonse inatuluka, ndipo woitulutsa anali Adalaivala, mokoma, akuonetsa ndi mapazi mmene mapatapata amalirira. Mkamwini atamva za masekondi makumi anayi aja anakumbukira funso la Lamulungu lija, n'kuseka mpaka kukhala pa dzanja la mpando. Nesi sanaseke. Anati ndiye kuti miyezi yonseyi wakhala akuyeza munthu wolakwika, ndipo mpira watha m'nyumba muno kuyambira lero.

Bambo ake ananyamuka, n'kukamatula pepala pa filiji, n'kuliwerenga mokweza mawu ndi mawu. Linkati abambo. Mkono wa abambo wakhoza mayeso, kawiri. Lamulo analemba yekha, iwo sanamugwire dzanja. Nesi anati cholembera ali nacho m'thumba, awonjezera mzere wina pompano.

Atelala anati aliyense akhale pansi, phokoso lachuluka. Anati mapiritsi amwa, mchere achepetsa, kuchipatala apita Lolemba m'mawa popanda wowakoka. Koma dishi sitsika, kabokosi sikachoka, ndipo iwo kuseri sabwererako tsiku la mpira, chifukwa akufuna aone ndi maso awo ngati mphunzitsi wa timuyi amusungebe Makutu chaka chamawa. Njirayi yagwira ntchito chaka chathunthu, manambala a bambo ake ndi umboni. Cholakwika chinali chimodzi: wolandira nkhonya yoyamba anali nkhalamba. Pakufunika munthu wa mtima wanthete, wodziwa mawaya, woti za mpira alibe nazo ntchito, azikhala kuseri ndi singano ndi tepi.

Onse atatu anatembenuka. Mkamwini anali akupinda ambulera.

Mpira utayambanso, pabalaza panali anthu awiri ovala malaya achikasu ofanana. A Adalaivala anawakwana ndendende, ndipo podula nsaluyo Atelala sanafune n'komwe tepi. Pepala la pa filiji linali latsopano, la mayina awiri. Mkamwini ankafika Loweruka lililonse masana ndi kompyuta yake ya m'manja, n'kunena kuti zimuthandiza, azigwira ntchito zake mwakachetechete uku akusuzumira pa kabati. Sabata yoyamba anabwera ndi singano kawiri, mwaulemu, n'kugogoda kaye pakhomo. Sabata yachiwiri anabwera ndi tepi, ndipo anafunsa kuti uja wa kabudula wothina n'chifukwa chiyani sapatsa anzake mpira.

Sabata yachitatu, pa tivi yaikulu mpira uli pakati pa bwalo, anyamata akungopatsirana popanda choopsa chilichonse, kuseri kunamveka kukuwa kwa munthu wamkulu, kenako mpando wa makina kugwa pansi.

Adalaivala anayang'ana akazi awo. "Singano imeneyo."

Atelala anapuma mpweya wautali, n'kutsamira bwinobwino, n'kuika dzanja paphewa la amuna awo kudikira kuti chigolicho chifike.

"Nesi akabwera ndi kamakina kake," anatero, "ayambire kuseri."